Laputopu yadzala? Yambani mwaona musanadilite

Imwe amene mumathamangila kudilita vinthu laputopu ikakuuzani kuti malo asila, khalani pansi ndikuuzeni zimene zinandicitikila ku Lundazi.

Ndinapita kumeneko pa nchito, kukajambula anyamata oimba amene akuyesa mwayi wao kwathu kum'mawa. Tsiku lonse tinazungulila, mpaka zithunzi zothela tinajambulila pafupi na Castle Hotel dzuwa likulowa. Madzulo khadi ya mu kamela inali yodzala, ndipo m'mawa mwake ndinali na oimba ena awili ondiyembekeza. Nditalumikiza khadi ku laputopu, kamzele ka disiki kanali kofiila piliwili. Pa 256 GB panatsala 2 GB cabe. Zokweza mavidiyo pa intaneti iwalani, bando yanga sikanakwanitsa.

Mtima unakwela. Ndinayamba kusankha mafoda a maina osadziwika bwino, monga "New folder (3)", kuti onse apite. Mwamwayi msuweni wanga, amene amakonza mafoni pa msika, anali pambali panga.

"Asisi, muziba vamene vili mukati?" anandifunsa.

"Nilibe nthawi iwe," ndinamuyankha.

Anaseka, natulutsa fulashi m'thumba, n'kuikamo pulogilamu yaulele yochedwa WinDirStat. Patapita mphindi zocepa, disiki yonse inaonekela pa sikilini ngati minda mukaiona muli pamwamba pa phili: apa munda waukulu wa cimanga, apo kamunda ka nshawa, uko ka thonje. Bokosi lililonse ni failo imodzi. Likakula bokosi, ndiye kuti failoyo yadya malo ambili. Mtundu wa bokosi umakuuzani ngati ni vidiyo, nyimbo kapena cithunzi. Mukadinda pa bokosi, pulogilamu imakulozelani dzina la failo na foda yamene ilimo.

Manje imvani manyazi anga. Mabokosi aakulu kwambili anali mafilimu amene ndinatsiliza kuonelela kale-kale, pafupifupi 70 GB. Mavidiyo a ku Nc'wala ndinawakopa katatu m'mafoda osiyana. Mu Recycle Bin munali 18 GB, cifukwa cinthu ukacitaya mmenemo cimakhala cikali kudya malo mpaka utakhuthula. Panalinso foda ya Windows.old, yotsala pamene kompyuta inalandila Windows yatsopano.

Nanga "New folder (3)" uja? Tinacita kumusakila. Kanali kadontho pakona, 60 MB cabe. Nditatsegula, ndinamva mau a ambuya anga. Ndinawajambula pa foni mu 2021 tili pa khonde, akufotokoza za makolo athu, kumene anacokela, ndani anabala ndani, uku akuseka kuti ine mwana wa mu tauni sinidziwa kusenda nshawa. Anatisiya caka cotsatila. Foni ija inabedwa mu minibasi ku Lusaka, ndiye kope ina kunalibe. Ndikanadilita, malo sindikanapeza, koma mau a ambuya akanapita mpaka kale. Msuweni wanga anaika sipana pansi, tinamvetsela ola lathunthu osakamba kanthu.

Pambuyo pake ndinawelenga kuti vuto ili si lathu tekha. Njila yojambula disiki m'mabokosi anaiyambitsa Ben Shneiderman wa pa University of Maryland ku America, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Anthu 14 anali kugwilitsa nchito disiki imodzi ya 80 MB, ndipo iye anafuna kuona amene anali kudya malo. Lelo kavidiyo kamodzi ka pa ukwati kangaidzaze disiki imeneyo.

Ngati mufuna kuyesa, kuwonjezela pa WinDirStat kulinso WizTree na TreeSize Free. Yambani na mabokosi aakulu amene mukuwadziwa: mafilimu, foda ya Downloads, vinthu vokopa kawili. Failo iliyonse itseguleni musanaitaye. Foda ya Windows na mafailo monga pagefile.sys musawakhudze ngakhale aoneke aakulu, ni a makina. Windows.old icotseni na Disk Cleanup, osati pamanja. Pa foni, loŵani mu WhatsApp pa Storage and data, kenako Manage storage, muone mavidiyo a m'magulu a banja na a kuchechi mmene akhutila.

Usiku uja tinapeza malo opitilila 100 GB osataya ngakhale cimodzi cofunika. Oimba anga ndinawajambula bwino-bwino m'mawa mwake. Foda ija ndinaisintha dzina, manje ni "Mau a Ambuya", ndipo ili pa laputopu, pa fulashi na pa foni ya amai. Akuti amaimvetsela Sondo iliyonse akacoka ku chechi.