Kabokosi Kotenthetsa Nyumba Kakamangodula Netiweki

Kuno ku Britain, nyengo yozizira ikafika, mtendere wa pakhomo umadalira kabokosi kakang'ono ka pakhoma kotchedwa thermostat. Kamayeza kutentha kwa m'nyumba n'kuuza boiler kuti iyake kapena izime. Timabokosi tamakono timalumikizidwa ku intaneti, moti munthu umatha kukweza kutentha pa foni uli ku ntchito. Koma netiweki ikaduka, foni ija imangokhala chidole basi.

Kwathu ku Leeds vutoli linayamba mu Januwale, amayi atabwera kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu wawo, mwana wa achemwali anga. Masana ankatsala awiriwiri ndi khandalo. A zaumoyo kuno amalangiza kuti m'nyumba mokhala achikulire kutentha kusatsike pa madigiri 18, ndiye foni ikandionetsa kuti kabokosi kasowa, mtima unkangoti myuu. Ndikaimba, amayi ankati, "Ndili bwino mwanangu, usadandaule." Koma madzulo ndinkawapeza atafunda mabulangete awiri, khanda lili kumsana. Ku Dedza kumazizira, inde, koma kuzizira kwa kuno n'kwina.

Ndinayamba ndi kumvetsa kuti zipangizo zake zilipo zitatu. Kabokosi ka pakhoma kamalankhula ndi kanzake kokhala pafupi ndi boiler, ndipo kachiwirika ndi kamene kamalumikizana ndi rauta. Penapake pakaduka, foni imangoti zonse zafa. Ndinasintha mabatire kaye, poti akafooka mphamvu yotumizira uthenga imachepa. Zinachitako bwino, koma kuduka sikunathe.

Kenako ndinapita ku rauta. Zipangizo zambiri zoterezi zimangomva Wi-Fi ya 2.4 GHz, pomwe marauta atsopano amaphatikiza 2.4 ndi 5 GHz pa dzina limodzi. Ndinazilekanitsa, iliyonse ndi dzina lake, n'kulumikiza kabokosi ku ya 2.4. Ndinaikanso rauta pa tchanelo 11, chifukwa 1, 6 ndi 11 ndiwo matchanelo osalowererana, ndipo ma Wi-Fi a aneba ambiri anali pa 6.

Chomwe chinamaliza nkhani chinali kapepala. Sabata yathunthu ndinkalemba nthawi imene netiweki yaduka, ndipo ndinaona kuti nthawi zambiri inali ya nkhomaliro. Eti nthawi imene amayi amatenthetsa chakudya! Microwave imagwira ntchito pa 2.45 GHz, pafupi penipeni ndi Wi-Fi ija, ndipo eni nyumba anaika rauta pa shelefu ya kukhitchini, moyandikana nayo. Nditaisamutsira pakhonde la mkati, pamalo okwera ndi oonekera, kuduka kunatha.

Ndinawaonetsanso amayi batani la pa kabokosi ka pafupi ndi boiler, loyatsira ndi dzanja. Poyamba anakana. "Iwe, zinthu za eni ake izi, ndingaononge." Atayesa kawiri n'kumva mapaipi akutentha, anaseka okha.

Ngati kanu kakuvutanso, yambani ndi zotchipa: mabatire, malo a rauta, ndi kulemba nthawi imene kakuduka. Ikaninso ndandanda ya maola oyaka ndi ozima, chifukwa timabokosi tambiri timaitsatirabe ngakhale intaneti palibe. Koma boiler yeniyeniyo musaitsekule. Ya gasi lamulo limalola mmisiri yekha wolembetsedwa ku Gas Safe, ndipo ngati mukuchita lendi, kuikonza ndi udindo wa eni nyumba.