Mendulo za Onyamula Machira

Inu alimi anzanga, mukabwera ku Lilongwe kudzagulitsa mtedza ndi kugona kwa abale ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo, mwina wina adzakufunsani ngati kwanu kuli mendulo za agogo amene anapita ku nkhondo. Musafulumire kutsegula sutikesi.

Ine ndimakhala ku Kawale, ndipo ndimayenda m'makomo kukaona mendulo zotere. Sindigula ai, ndimangolemba m'kope maina ndi zimene ana akukumbukira. Zimene ndimazifuna koposa ndi za anthu amene ankanyamula ovulala pa machira ndi kumanga mabala.

Taganizani ntchito yao. M'chaka cha 1944 asilikali a K.A.R., pamodzi ndi a kwathu kuno, anatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili mkati, kulunjika ku mtsinje wa Chindwin. Matope anali osaneneka, malungo nao anali kugwetsa anthu. Mfuti zikalira, msilikali amagona pansi ndi kubwezera. Koma wa machira amadzuka kukatola mnzace, manja onse awiri ali pa mtengo. Kwa ine kulimba mtima kwenikweni ndi kumeneko, ngakhale pa bwalo timatama owombera okha.

Azungu osonkhanitsa mendulo amadziwa zimenezi. Dokotala wa asilikali a ku Britain, Noel Chavasse, analandira Victoria Cross kawiri chifukwa chopulumutsa ovulala, namwalira ndi mabala mu 1917. Mu 2009 mendulo zace zinagulidwa ndi Lord Ashcroft pa mtengo wa mapaundi oposa miliyoni imodzi. Za agogo anu sizingafike pamenepo, komabe musazisinthanitse ndi thumba limodzi la feteleza.

Yang'anitsitsani bwino. Yooneka ngati nyenyezi, monga Burma Star, inapatsidwa kwa onse amene anakamenya nkhondo kumeneko. Koma Military Medal, yozungulira, yasiliva, inali ya munthu amene anachita chamuna, ndipo m'mphepete mwace munazokotedwa dzina ndi nambala yace. Wogula akaona dzinalo maso amatuluka, ngakhale pakamwa anena kuti ndi kachitsulo chabe.

Ndidziwa kuti njala ya mwezi wa February siimva nkhani zakale, ndipo sindidzudzula wogulitsa. Koma musanatero, itanani abale onse mugwirizane, mwana wa sukulu alembe dzina, nambala ndi zonse zimene agogo ankasimba. Musaikweche ndi phulusa kapena mchenga, ndipo kansaru kace, ngakhale kothaitha, kasiyeni pomwepo.