Wopima Mankhwala wa Boma ndi Umboni Wake M'khoti

Wopima mankhwala wa boma, amene m'makhoti a ku Zambia amatchedwa public analyst, amayankha mafunso awiri okha: chinthuchi n'chiyani, nanga chilipo chochuluka bwanji. Apolisi kapena a Drug Enforcement Commission akagwira munthu ku Avondale kapena ku Chelstone mumzinda wa Lusaka ali ndi masamba ouma kapena kaufa koyera, mphuno ya wapolisi sikwanira kukhala umboni. Kwa zaka zambiri katundu wotere wakhala akupita ku Food and Drugs Control Laboratory, kufupi ndi chipatala cha UTH.

Ntchito imayambira pa phukusi lenilenilo. Wopima amaona ngati lamatidwa bwino, nalemba nambala yake, tsiku, ndi dzina la amene walibweretsa. Kenako amayeza kulemera kwa katunduyo pasikelo, atachotsa pepala kapena pulasitiki yokulungira, chifukwa pa milandu ya mankhwala osokoneza bongo kulemera kungathe kusiyanitsa mlandu wongopezeka nawo ndi mlandu wogulitsa.

Kupima koyamba ndi kwa mtundu. Amatapa pang'ono chabe n'kudontheza mankhwala amadzi. Chamba chikakumana ndi mankhwala a Duquenois-Levine chimatulutsa mtundu wapepo. Heroin amachitanso chimodzimodzi ndi mankhwala a Marquis, pamene cocaine amasanduka wabuluu akakhudzana ndi cobalt thiocyanate. Koma mtundu umangolozera njira, sutsimikiza kanthu, pakuti zilipo zinthu zina zosalakwa zimene zimasinthanso choncho. N'chifukwa chake tsamba loganiziridwa kuti ndi chamba amaliikanso pa maikulosikopu: lili ndi tiubweya tokhota ngati zikhadabo, tokhala ndi kamwala patsinde.

Chitsimikizo chimachokera pa kulekanitsa. Ufa wogulitsidwa mumsewu sukhala woyera weniweni, amausakaniza ndi zina kuti uchuluke. Wopima amausungunula n'kuulowetsa m'makina a gas chromatography, mmene mpweya umaukankha m'kapaipi kopyapyala, kotalika. Zosakanizazo siziyenda liwiro limodzi, ndiye chilichonse chimatuluka pa nthawi yakeyake. Makina ena, a mass spectrometer, amaphwanya mamolekyu otulukawo, ndipo tizidutswa take timasonyeza kuti ndi mankhwala ati. Njira yomweyi imagwiranso ntchito munthu akafa atamwa kachasu kapena mowa wina wokayikitsa. Ethanol, amene amaledzeretsa, amawira pa madigiri 78, pamene methanol, amene amapha maso ngakhale munthu amene, amawira pa madigiri 65. M'kapu simungawasiyanitse, koma makina amawalekanitsa mosavuta.

Zotsatira zimalembedwa m'chikalata cholumbirira. Lamulo la kazengedwe ka milandu limalola khoti kulandira chikalatacho mwiniwake asanabwere, komabe woweruza angathe kumuitana kuti adzafunsidwe. Akafika, maloya odziwa ntchito sataya nthawi kutsutsana naye za mamolekyu. Amafunsa za ulendo wa phukusi: linagona kuti, anali ndi kiyi ndani, bwanji kulemera kolembedwa kupolisi kukusiyana ndi kwa ku labotale. Pakasowa siginecha imodzi, kupima konse kungathe kupita pachabe, poti palibe chotsimikiza kuti chopimidwacho ndi chomwe chija anachilanda.

Wopima wabwino salumpha malire a zimene anaona. Anganene kuti masambawo ali ndi THC, mankhwala a m'chamba, koma mwini chikwama samudziwa, ndipo sayenera kuyerekeza. Khoti lalikulu la apilo ku Zambia, pa mlandu wa Chuba mu 1976, womwe unakhudza katswiri wozindikira kalembedwe ka dzanja, linagamula kuti zonena za katswiri ndi maganizo othandiza khoti, ndipo chigamulo chimatsalira woweruza atadzionera yekha maziko ake. Mu 2020 dziko linakhazikitsa lamulo la National Forensic Act loyang'anira ntchito za malabotale otere, ndipo mu 2021 lamulo latsopano la mankhwala osokoneza bongo linalowa m'malo mwa la 1993.