Linga la Tarasp: Nyumba Imene Yasintha Eni Kwa Zaka Pafupifupi 1,000

Kum'mawa kwa dziko la Switzerland, kufupi ndi malire a Austria ndi Italy, kuli chigwa cha Engadin mmene mumadutsa mtsinje wa Inn. Tikatsika sitima pa siteshoni ya Scuol-Tarasp n'kukwera basi yopita kumtunda, timaona linga la makoma oyera litakhala pansonga ya kaphiri ka miyala, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja. M'munsi mwake muli kanyanja kakang'ono ndi midzi ya anthu olankhula chinenero cha Romansh.

Lingali linamangidwa cha m'ma 1040 ndi banja la mafumu a Tarasp. Malowa anawasankha chifukwa munthu ali pamwambapo amaona aliyense wodutsa m'chigwa. Banjali ndi limene linayambitsanso nyumba ya amonke ya Marienberg, imene ili tsidya lina la mapiri ku South Tyrol. Koma pasanathe zaka 150, mtundu wawo unatha chifukwa chosowa wolowa m'malo.

Kuyambira pamenepo eni ake akhala akusinthasintha. Bishopu wa ku Chur anakhalapo ndi gawo lake. Mu 1239 linapita kwa mafumu a ku Tyrol, ndipo mu 1464 linalowa m'manja mwa banja la Habsburg la ku Austria. Kwa zaka zoposa 300, Tarasp anali ngati kachilumba ka Austria pakati pa anthu amene sanali pansi pa ulamuliro wake. N'chifukwa chake midzi yoyandikana nayo italandira Chipulotesitanti, Tarasp anakhalabe wa Chikatolika. Mu 1687 mfumu ya Austria inapereka derali kwa banja la Dietrichstein, ndipo mu 1803, m'nthawi ya Napoleon, linakhala mbali ya chigawo cha Graubünden ku Switzerland.

Apa mavuto a nyumbayi anayamba. Nkhondo zinali zitatha, linga linalibenso ntchito, ndipo boma la chigawo silinafune kuwononga ndalama polisamalira. Linagulitsidwa kwa anthu wamba, ndipo linachoka m'manja a uyu kupita kwa uyo. Katundu wa m'kati anatengedwa, madenga anayamba kuthonya, ndipo chipale chofewa cha chaka ndi chaka chinawononga matabwa. Zimene adani analephera m'zaka 700, kusasamala kunazichita m'zaka zosakwana 100.

Amene analipulumutsa anali Karl August Lingner, wamalonda wa mumzinda wa Dresden ku Germany. Iyeyu analemera ndi Odol, mankhwala ochukuchira m'kamwa. Chigwa cha Engadin chili ndi akasupe a madzi okhala ndi mchere wa m'nthaka, ndipo olemera a ku Ulaya ankapita ku Vulpera, pafupi ndi Tarasp, kukamwa ndi kusamba madziwo pofuna kupeza bwino m'thupi. Lingner anali mmodzi wa alendowo. Ataona bwinjalo, analigula mu 1900 pa mtengo wa mafaranki 20,000.

Ntchito yaikulu yokonza inayamba mu 1907 ndipo inatenga zaka pafupifupi 10. Popeza zipinda zinali zopanda kanthu, anagula matabwa osemedwa ndi mipando yakale kuchokera m'nyumba zina za ku Graubünden ndi Tyrol. Zambiri zimene timaona lero tikamayenda m'zipindamo zinabwera panthawiyo, ngakhale zimaoneka ngati zakhala mmenemo kuyambira kalekale. Anaikamonso limba lalikulu la mapaipi oposa 2,000, limene limaimbidwa mpaka pano.

M'zaka zomwezo Lingner ankagwiranso ntchito yophunzitsa anthu ukhondo. Ndiye anatsogolera chionetsero cha zaukhondo cha mayiko onse ku Dresden mu 1911, kumene kunafika anthu oposa 5 miliyoni, ndipo mu 1912 anayambitsa nyumba yosungiramo zinthu zophunzitsa za thupi la munthu, imene ilipobe mumzindawo. Koma iye mwini anadwala khansa ya lilime, ndipo anamwalira ku Berlin pa 5 Juni 1916, nyumba ya ku Tarasp itatsala pang'ono kutsegulidwa. Sanakhalemo monga ankafunira.

Mu wilo yake analisiyira mfumu ya Saxony, Friedrich August III, koma mfumuyo inakana mphatsoyo. Choncho linapita kwa Ernst Ludwig, wolamulira wa Hesse, ndipo banja la Hesse linalisunga zaka 100. M'kupita kwa nthawi nalonso linaganiza zoligulitsa, ndipo panadutsa zaka zingapo wogula asanapezeke. Mu 2016 Not Vital, katswiri wa zosemasema wobadwira m'mudzi wa Sent m'chigwa chomwecho, analigula pa mafaranki 7.9 miliyoni. Masiku ano alendo amalowa m'kati motsogozedwa ndi woperekeza, ndipo amaona zinthu zakale pamodzi ndi zojambula zamakono.

Tikaimirira pawindo la pamwamba n'kuyang'ana chigwa, mayina a eni onsewa amatikumbutsa chinthu chimodzi chokhudza nyumba iliyonse. Kugula kapena kulandira ngati cholowa ndi ntchito ya tsiku limodzi, pamene kusamalira ndi ntchito ya chaka chilichonse. Ambiri a ife tili ndi nyumba ya makolo kumudzi imene abale onse amati ndi yathu, koma lata likaphuka palibe amene amakwera pamwamba kukakhoma. Tisadikire kuti khoma ligwe. Tikhale pansi monga banja, tigwirizane amene aziyang'anira nyumbayo ndi mmene ena azithandizira, ndipo zimene tagwirizanazo tizilembe eni ake adakali moyo.