Meda, tini ndi megabiti

Mlimi wa ku Madzimoyo sapusitsidwa msanga pa muyeso wa cimanga. Amadziwa mameda amene amadzaza tini, ndi matini amene amadzaza thumba la makilo 50. Wogula akabwera ndi meda yotupa m'mimba, mudzi wonse umaiona. Koma tikamagula bandulo pa foni, kapena sukulu ikamasankha intaneti yolipira mwezi ndi mwezi, timangovomera manambala amene sitidziwa kukula kwake. Wogulitsa akuti "10 Mbps", ife tikuti "cabwino". Nanga 10 Mbps ndi meda kapena ndi thumba?

Ine muyeso wa zimenezi ndinauphunzira kwa atate aang'ono, amene anagwirapo nchito ya mawaya a lamya ku Chipata pamene positi ndi lamya zinali m'kampani imodzi ya PTC, isanagawike mu 1994 n'kubadwa Zamtel. Mpaka lero iwo amawerenga liwiro lililonse ndi mizere ya lamya. "Mwanawe," amatero, "za mamega usandiuze. Undiuze kuti ndi anthu angati angalankhule nthawi imodzi."

Meda yawo ndi iyi. Kuti mawu a munthu ayende ngati manambala, makina amawayeza maulendo 8,000 pa sekondi, ndipo muyeso uliwonse umalembedwa ndi mabiti 8. Mukacurukitsa mupeza mabiti 64,000 pa sekondi, ndiye 64 kbps imeneyo. Uwu ndiwo mzere umodzi wa lamya, munthu mmodzi kulankhula ndi mnzake.

Tini yake imachedwa E1. Ili ndi mipata 32 ya 64 kbps, yonse pamodzi 2.048 Mbps. Mipata iwiri ndi ya makina okhaokha, wina wosunga nthawi, wina wa zizindikiro za kuimba ndi kudula, motero anthu amalankhulira m'mipata 30. Thumba lake lili pa faiba, ulusi wagalasi umene umanyamula uthenga ndi kuwala. Muyeso woyambira pamenepo ndi STM-1, wa 155.52 Mbps, ndipo umanyamula ma E1 okwana 63, kutanthauza anthu 1,890 akuimba lamya nthawi imodzi. Wodziwa masamu aona kuti 63 kucurukitsa ndi 2.048 ndi 129 cabe. Zotsalazo palibe wakuba. Zimapita ku malembo olondolera katundu ndi kuyang'anira mzere, monga momwe sikelo imawerengera ndi saka lomwe. Pamwamba pake pali STM-16 ya pafupifupi 2.5 Gbps ndi STM-64 ya pafupifupi 10 Gbps.

Cenjerani mukafufuza pa intaneti. Masamba ambiri osinthira miyeso amaonetsa T1 ndi OC-3, miyeso ya ku America. T1 ili ndi mizere 24 ndi 1.544 Mbps, ndi yocepa kwa E1 imene ife tinatengera ku Ulaya. OC-3 yokha ndiyo ifanana liwiro ndi STM-1.

Tsopano tibwerere kwa wogulitsa uja. 10 Mbps ndi mizere ya lamya 156, pafupifupi ma E1 asanu. Atate aang'ono akamva zimenezi amapukusa mutu, pakuti m'masiku ao mizere yotere inali yotumikira tauni, osati nyumba imodzi. Ngakhale ZAMNET, imene inabweretsa intaneti m'dziko muno mu 1994 kucokera ku University of Zambia, inayamba ndi mzere wosafika n'komwe pa 64 kbps, ndipo Zambia yense analowera pa khomo limenelo.

Pali msampha wina umene umadya ndalama za anthu ambiri. Liwiro limayezedwa ndi mabiti, koma bandulo imayezedwa ndi mabaiti, ndipo baiti imodzi ndi mabiti 8. Conco 10 Mbps imatsitsa 1.25 MB pa sekondi, osati 10 MB. Cithunzi ca 5 MB cingatenge mphindi 10 ndi masekondi 25 pa mzere umodzi wa lamya, masekondi 20 pa E1, ndi kuphethira kwa diso pa STM-1. Bandulo ya 1 GB ingatenge maola pafupifupi 35 kuti ithe pa 64 kbps, koma pa 10 Mbps mphindi 14 sizikwana. Mukaona bandulo yatha msanga tsiku limene netiweki ili bwino, nthawi zambiri cifukwa cake n'cakuti mavidiyo amadzikweza okha kuti aoneke bwino, ndipo akatero amadya zambiri.

Cimene cimandipweteka mtima n'cakuti thumba lilipo koma ambiri a ife tikali kupimiridwa pa meda. Zambia alibe nyanja yamcere, motero intaneti yathu imadzera m'maiko a anzathu kucokera ku zingwe za pansi pa nyanja, monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Imayenda makilomita masauzande pa faiba popanda vuto, koma gawo lomaliza, kucokera pa nsanja ya netiweki kufika pa foni yanu, ndi la wailesi, ndipo mumagawana ndi aliyense amene ali pafupi. Nsanja ikapatsidwa 100 Mbps ndipo anthu 200 akutsitsa zinthu nthawi imodzi, aliyense apeza theka la megabiti, mizere ya lamya isanu ndi itatu basi. N'cifukwa cake pa Nc'wala ku Mtenguleni, mu February, timizere ta netiweki tingaoneke todzaza pa foni koma cithunzi n'kukana kupita. Madzi ayenda molingana ndi paipi yocepetsetsa.

Ndiye komiti ya sukulu, ya kiliniki kapena ya kopaletivu isanasaine pepala, ifunse mafunso atatu. Kodi liwiro limeneli ndi lathu tokha kapena logawana ndi ena? Kodi ndi la kutsitsa kokha, nanga la kutumiza ndi lotani? Kodi mawu akuti "kufikira 10 Mbps" atanthauza zingati madzulo, anthu onse ali pa foni? Kalasi ya makompyuta 40 pa 10 Mbps ipatsa mwana aliyense 250 kbps, zokwanira kuwerenga koma zocepa kwa phunziro la pa vidiyo. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi ndalama za makolo zisanatuluke. Ngati zolonjezedwa sizikufika, lembani liwiro limene mukupeza tsiku ndi tsiku, ndi nthawi yake, n'kupita nalo kwa wogulitsa. Akapanda kumva, ZICTA ilipo, ndipo madandaulo a ogula ndi mbali ya nchito yake.