Za Nyumba ya Mipeni ya ku Camillus

Palibe nyumba pakati pathu yopanda mpeni. Timasendera cinangwa, timasemera mipini, timadulira luzi. Koma si kawirikawiri timafunsa za manja amene anausula. Mwezi uno tifuna kukamba za mudzi wina wa osula mipeni, ndi cimene cinatsala nchitoyo itatha.

Ku America, m'cigawo ca New York, pafupi ndi mzinda wa Syracuse, kuli kamudzi dzina lace Camillus. M'caka ca 1894 Charles Sherwood anamangako nyumba yosuliramo mipeni. Masiku omwewo kunali wamalonda wina, Adolph Kastor, amene anali kuitanitsa mipeni ku Germany namaigulitsa. Pamene boma linakweza msonkho wa katundu wakunja mu 1897, mipeniyo inakwera mtengo. Cotero mu 1902 Kastor anagula nyumba ya Sherwood, mmene munali anchito ngati 20, kuti mipeni izisulidwa komweko. Pofika 1910 anchito anali ngati 200, ambiri a iwo amisiri ocokera ku Germany, ndipo anawamangira nyumba yogonamo yochedwa Germania Hall. Pa nkhondo yaikuru yaciwiri anchito anapitirira 700, natumiza kwa asilikari mipeni yoposa 13 miliyoni.

Koma taonani mmene zinthu zitembenukira. Nchito imene inakula cifukwa mipeni yakunja inali yokwera mtengo, inagwa pamene mipeni yakunja inatsika mtengo. Mu 2006 eni ace anafuna kucepetsa malipiro, anchito nanyanyala miyezi ingapo. Ndipo pa 28 February 2007 zitseko zinatsekedwa.

Tsono panatsala zinthu zitatu: dzina, nyumba ndi luso. Dzinalo linagulidwa caka comweco ndi kampani ya Acme United, nilembedwa pa mipeni yosulidwa kwina. Nyumbazo zinakhala zopanda anthu, ndipo mu February 2013, pamene anali kuzikonza, moto unanyeketsa zambiri. Imene inapulumuka anaikonzanso naicha Camillus Mills. Mmene kale munali nchito ya mipeni anagawamo zipinda zokhalamo mabanja ndi malo a malonda. Ici ticiyamika, pakuti bwinja lokhalamonso anthu liposa bwinja la akadzidzi.

Cacitatuco ndico citiwawitsa mtima. Dzina ligulika, khoma limangikanso, koma luso likhala m'manja mwa munthu. Kudziwa maonekedwe a citsulo cakupsa bwino, kudziwa pakulekera kunola, izi mwana aziphunzira ataima pambali pa mkulu zaka zambiri. Gudumu lonolera likaima, mwanayo alibenso poima, ndipo mkuluyo apita nazo kumanda.

Nkhani iyi siiri yacilendo kwa ife. Makolo athu anali kuyenga citsulo m'ng'anjo, nasula makasu, nkhwangwa ndi mipeni. Makasu a m'sitolo atafika, ng'anjo zinazizira. Zina ziri ciimire m'nkhalango ya Kasungu, koma ndani mwa ife angaikemo miyala ndi makala naturutsa citsulo? Ifenso tinasankha cotsika mtengo, monga anacitira ogula a ku America, ndipo sitiwaweruza, pakuti ndarama ya waumphawi iwerengedwa kawiri. Koma tidziwe kuti pa mtengo wotsikawo pali cina cimene tilipira osaciona.

Cifukwa cace, ngati m'mudzi mwanu mukali nkhalamba yodziwa kupopa mvukuto ndi kusula, musadikire. Mpititsireni khasu lanu lakutha alikonze, mumlipire mokwanira, ndipo mutume mnyamata mmodzi akakhale naye pacipala. Akulu anati zengerezu adalinda kwaukwau. A ku Camillus anakhoza kupulumutsa khoma limodzi m'moto; ife tingathe kupulumutsa manja, mwini wace akali moyo.