ZIPINDA ZITATU ZA MAYI KU CHEMBE

 Uthengawu ndi wautali, ndiye amene muli pa ntchito musunge muwerenge madzulo. Koma muwerenge mpaka pansi, chifukwa nkhaniyi mawa ifika pakhomo panu nanunso.

Sabata yatha mng'ono wanga anandiimbira foni usiku. Akuti, "Achimwene, ndaganiza. Zipinda zitatu zakuseri zija tiwatulutse alendi, tipake penti, tiike shawa ndi sola, tiziike pa Airbnb. Mzungu akagona masiku atatu okha, lendi ya mwezi wonse ya aphunzitsi aja yakwana." Ndinakhala chete mpaka iye anafunsa ngati netiweki yathawa. Chinandivuta n'chakuti masamu akewo ndi oona, sananame ayi.

Zipinda zimenezo anamanga ndi malemu bambo athu, ndi ndalama za usipa. Chaka chimene chilimila chagwira bwino ankagula malata angapo, chaka cha mwera wambiri ntchito inkaima. Atamwalira, zipindazo ndiye zinakhala munda wa mayi. China mumakhala aphunzitsi a ku pulayimale ndi akazi awo ndi ana awiri. China amasinthana amayi a geni ochokera ku Limbe amene amabwera kudzagula usipa n'kudikira kuti uume pa thandala. Chachitatu mumagona alovi obwera, amene amatsatira nsomba kumene zapita. Lendi yake ndi yochepa, koma mayi sanagonepo ndi njala.

Tsono ine nkhani ya Airbnb sindiimva kwa anthu. Ndiyo ntchito yanga kuno ku Cape Town. Ndimakonza mafulati a alendo ku Sea Point: kuchapa zofunda, kukolopa, kusintha matawulo, kuti wina akatuluka m'mawa wina alowe madzulo. M'thumba mwanga mumakhala makiyi a nyumba zisanu ndi zinayi, koma palibe ndi imodzi yomwe imene mwini wake amagonamo. Ena ali ku Johannesburg, ena ali kunja, ena sindinawaonepo nkhope, timangolankhulana pa WhatsApp. Ndiye musandimve ngati munthu wodana ndi bizinesiyi. Ndalama imene ndimatumiza kumudzi imachokera momwemo.

Koma maso ndili nawo. Nyumba ina yosanjikizana imene ndinayambira ntchito, poyamba munali mabanja, ana akuthamanga pa masitepe, agogo ena amene ankandipatsa tiyi. Lero pageti pali timabokosi ta makiyi totsegula ndi nambala, ndipo amene umakumana nawo ndi anthu okoka masutikesi basi. Agogo aja anasamuka lendi itakwera. Ife amene timakonza nyumbazo timagona kutali. Ine ndimakhala ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay, kumene kuli Amalawi ambiri, ndipo tsidya lina, pamwamba pa doko, pali Hangberg, mudzi wa mabanja a asodzi ngati ife. Akamakamba za mantha awo oti tsiku lina gombe lidzakhala la alendo okhaokha, ine ndimangoona Chembe.

Vutoli si la kuno kokha, ndipo mizinda yayesa malamulo osiyanasiyana. Ku London, kuyambira 2015, nyumba yathunthu ukhoza kuibwereketsa kwa alendo masiku 90 pa chaka, ukafuna kupitirira uyenera kukapempha chilolezo ku khonsolo. Ku Amsterdam anatsitsa mpaka masiku 30. Ku New York, kuyambira September 2023, wobwereketsa kwa masiku osakwana 30 ayenera kulembetsa, ayenera kukhala momwemo m'nyumbamo pamene mlendo alipo, ndipo alendo asapitirire awiri. Ku Barcelona, mu June 2024, meya wawo Jaume Collboni analengeza kuti pofika November 2028 ziphaso za mafulati a alendo oposa 10,000 sadzaziwonjezeranso. Kuno ku Cape Town anapita njira ina: mu 2019 anasintha lamulo la mzinda kuti kubwereketsa nyumba kwa masiku ochepa kukhale kololedwa. Zotsatira zake ndi makiyi ali m'thumba mwangawa.

Musaganize kuti lamulo lolimba lathetsa zonse. Ku New York nyumba zambiri zinachoka pa Airbnb, inde, koma lendi sinagwe monga ena ankayembekezera, ndipo anthu wamba amene ankadalira kachipinda kamodzi kuti abweze ngongole ya nyumba anadandaula kwambiri. Lamulo lili ngati ukonde. Maso ake akakula kwambiri, nsomba zonse zimadutsa. Akachepa ngati neti ya udzudzu, umakokolola ndi tiana tomwe, n'kupha nyanja imene umati ukuisamala.

Apa ndi pamene ndikufuna timvetsetsane, chifukwa kwathu mbali zonse ziwiri ndi ife tomwe. Mwini nyumba ndi mayi anga. Wochita lendi ndi mphunzitsi wa ana a mchemwali wanga.

Pakapanda lamulo lililonse, aliyense wokhala ndi chipinda choyang'ana ku nyanja adzachita masamu a mng'ono wanga aja. Mphunzitsi adzasowa pokhala, adzapempha transifa. Mlangizi wa zaumoyo chimodzimodzi. Mayi wa geni akasowa pogona adzapita kukagula usipa ku doko lina, ndipo mtengo wa usipa pa doko lathu udzagwa, chifukwa ogula achepa. Chembe si malo oti n'kumangofutukuka. Kumbuyo kuli mapiri a Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Kutsogolo kuli madzi. Chipinda chilichonse chimene chapita kwa alendo chachoka kwa munthu wa m'mudzi, palibe kwina kokamanga. Ndipo tonse tikudziwa zimene zimatsatira alendo akachuluka. Kanjira kamene tinkadutsa ndi bambo popita ku bwato, lero pali mpanda wa loji ina, amayi amazungulira ndi mabeseni pamutu. Mathandala akuti akununkha, asunthidwe. Phokoso la alovi pobwera m'bandakucha akuti likudzutsa alendo.

Koma lamulo likabwera lolembedwa ndi anthu oganiza za mahotela akuluakulu okha, lidzapweteka mayi anga omwewo. Malo ogona alendo amayenera kukhala ndi chiphaso cha boma, ndipo zimenezo n'zoyenera, pakuti mlendo ayenera kugona pabwino. Koma ngati mayi wa chipinda chimodzi afunsidwa mapepala, ndalama ndi maulendo ofanana ndi mwini loji ya zipinda makumi awiri, adzachita chimodzi mwa ziwiri. Adzabisala n'kumalandira alendo mwakabisira, kapena adzatopa n'kugulitsa malowo kwa amene ali ndi ndalama zolipirira zonsezo. Kugulitsa ndiye imfa yeniyeni, abale. Lendi imakwera n'kutsika, koma malo a m'mbali mwa nyanja akapita sabwerera.

Ife ana a asodzi malamulo otere si achilendo kwa ife. Ku chilumba cha Mbenji, ku Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambirimbiri, ndipo anthu amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo, phindu lake amaliona ndi maso potsegulira. M'madoko mwathu tili ndi ma BVC amene amadziwa mwini bwato aliyense ndi ukonde wake. Nanga zipinda za alendo zingatikanike bwanji? Maganizo anga ndi awa, mutsutse ngati ndalakwa. Munthu amene akugona pakhomo pomwepo, ngati mayi anga, aloledwe chipinda chimodzi kapena ziwiri, alembetse mosavuta ku khonsolo ya Mangochi kudzera kwa amfumu, ndalama yake ikhale yochepa. Amene wagula nyumba zitatu, zinayi, iye akukhala ku Lilongwe kapena kunja, ameneyo ndi wa bizinesi ya hotela, alipire ngati hotela. Njira zopita ku nyanja, doko ndi malo a mathandala zilembedwe poyera kuti si zogulitsa ndipo si zotchinga. Gawo la ndalama zimene zatoleredwa litsale m'mudzi, tione mjigo kapena chimbudzi cha pa doko, kuti anthu adziwe chimene akumverera lamulolo.

China chimene ndinamukumbutsa mng'ono wanga ndi 2020. Kuno anatseka dziko kumapeto kwa March chifukwa cha Covid, ndege zinaima, mafulati onse amene ndimakonza anakhala opanda munthu. Ndinatha miyezi osagwira ntchito, osatumiza kanthu. Ku Chembe nako malo ogona alendo anali gwaa, anyamata onyamula alendo kupita ku Thumbi ndi ku Domwe anabwerera ku ukonde. Miyezi yonseyo amene anadyetsa mayi ndi aphunzitsi aja, lendi yawo yochepa ija inkabwera mwezi ndi mwezi. Mlendo ndi mame, makolo ananena kale.

Lamulungu tinaitana amalume pa foni, poti iwo ndiwo eni mbumba, mayi ali pambali. Tinakangana ndithu, mng'ono wanga mpaka anati ine ndikudya za Airbnb ku Joni koma ndikumukaniza iye kudya zomwezo kwawo. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa muli choonadi. Mayi anangomvetsera, kenaka anati, "Aphunzitsi ndi ana awo sachoka. Anyamata a ukonde sachoka, bambo anu anali mlovi asanagule bwato. Chipinda cha amayi a geni ndikambirana nawo, akalola kumagona m'nyumba yaikulu ndi ine, chimenecho mukonze." Amalume anavomereza, n'kuwonjezera kuti chilichonse chilembetsedwe m'dzina la mayi, ndipo pasapezeke munthu wosaina pepala la malo ndi mlendo aliyense. Ine ndalonjeza kutumiza ndalama ya shawa ndi matiresi mwezi wa mawa.

Pakhomo pathu tagwirizana choncho, koma khomo limodzi silingateteze mudzi. A neba athu akatulutsa alendi awo onse, mavuto aja atipezabe. N'chifukwa chake ndalemba. Amene muli mu BVC, mu VDC, amene mumakhala pafupi ndi amfumu ndi makhansala, yambitsani nkhaniyi pa msonkhano ukubwerawu, tisanadzuke n'kupeza timabokosi ta makiyi pa mipanda ya ku Chembe. Tumizani ku magulu ena a kunyanja, ndipo amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga yankhani, ndiwerenga ndikaweruka.

Ndine mwana wa msodzi, ku Hout Bay.